Tikambirane za maliro a kolera mvula isanagwe

Kwa Olemekezeka a Bwanamkubwa a chigawo cha Tete, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo ndi m'maboma, Ambuye Episikopi a Dayosizi ya Tete, atsogoleri a Sinodi ya Mphatso, ndi abusa a mipingo yonse ya ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde.

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine mayi wa Chigwirizano, mlimi wa mbatatesi ndi nyemba kuno ku Angonia. Mpando m'boma ndilibe, ndipo mumpingo sindine m'busa kapena mkulu. Koma ndine mmodzi wa amayi aja amagogoderedwa usiku munthu akatisiya m'mudzi: kukasambitsa thupi, kukaliveka, kugona pa siwa, m'mawa n'kukoleza moto wa nsima ya adzukulu. Zimene ndikulembazi ndi ntchito ya manja anga, choncho mundilole ndilankhule mosapsatira, ngakhale ndikulankhula ndi akuluakulu.

Kolera akabuka, anthu ambiri kuno amabisa odwala. Pa wailesi mumati n'chifukwa cha umbuli ndi mphekesera. Zimenezo zilipo ndithu, koma chachikulu chimene ndimamva amayi anzanga akunong'onezana ndi mantha a maliro. Munthu amaopa kuti mayi ake akakafera ku tenti ya kolera, abwerako atatsekeredwa m'thumba la pulasitiki, aikidwa mothamanga ndi anthu achilendo ovala magolovesi, popanda nyimbo, popanda Mawu, achibale ataimitsidwa patali ngati alendo. Kwa Mkhristu wa kuno, amene wakhala zaka zonse akupita kumaliro a anzake ndi chiyembekezo chakuti tsiku lake nayenso mpingo udzamuimbira, zimenezi n'zoopsa kuposa imfa yeniyeniyo. Ndiye amasankha kuti wodwala afere m'nyumba, anthu n'kumati kunali kutsegula m'mimba wamba, kuti maliro ayende mwa mwambo wake. Pamenepo ndi pamene mudzi wonse umatengera matendawa.

Matendawa si achilendo kwa ife. Kumayambiriro kwa 2015 anavuta kwambiri mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúboè n'kumiza zitsime ndi zimbudzi zambiri, ndipo mu Malichi chaka chomwecho kolera anabuka ku Malawi, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 usanazilale. Kuno ku Mozambique unayambira ku Lago m'chigawo cha Niassa mu Seputembala 2022, kenaka unafalikira zigawo zina, Tete yomwe. Inu a ku likulu la chigawo mukamaona malire pa mapu mumaona mzere, koma aliyense woyenda msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti pa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Malawi, ina ndi kwathu. Timakwatirana, timagulitsana kabichi ndi tomato, timayenderana pa misonkhano ya mpingo, ndipo maliro akachitika tsidya lino, theka la olira limachokera tsidya linalo. Ambiri mwa ife tinakhalako ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992. Abale athu ena ali m'manda a kumeneko. Lamulo lililonse la maliro limene silikumbukira zimenezi limathera pa pepala.

Nthawi ya Covid-19 tinaona mmene boma limachitira ndi mipingo mliri ukafika. Kuyambira pa 1 Epulo 2020 matchalitchi anatsekedwa, Pasaka wa chaka chimenecho tinadyera m'makomo, ndipo pamaliro panaikidwa chiwerengero cha anthu 20. Pa 18 Ogasiti analola kuti tiyambenso kupemphera, koma osapitirira anthu 50. Chaka chotsatira anatsekanso. Tinamvera, ndipo sindikudandaula kuti tinamvera. Matenda aja amayenda ndi mpweya, kuunjikana m'nyumba imodzi n'kumaimba kunali kuika miyoyo pachiswe. Kupemphera popanda nyumba ya tchalitchi sitinakuyambe dzulo ayi. Akuluakulu a ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa amakumbukira zaka zimene mamishoni analandidwa pambuyo pa 1975, akatekisiti n'kumasunga chikhristu pansi pa mitengo, ndipo a Reformada amadziwa kuti Apwitikizi atatseka mishoni zawo mu 1922 mpingo sunafe. Chimene chinandiwawa n'chakuti tinangouzidwa. Lamulo limachokera ku Maputo, kufika pa wailesi, basi. Palibe amene anabwera kudzafunsa amayi osambitsa maliro kuti kodi zimenezi zitheka bwanji m'mudzi, pamene msika uli wodzaza ndipo m'chapa anthu akukhalirana pamiyendo.

Kolera ndi wosiyana ndi Covid. Sayenda ndi mpweya. Amalowa pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi kachilomboka. Kukhala pa benchi limodzi ndi mnzako n'kumaimba sikupatsirana kolera. Choncho kutseka tchalitchi sikungathandize kanthu. Poopsa ndi pa ndowa, pa beseni, pa mphika ndi pa thupi la womwalira, ndipo malo onsewa ali m'manja mwa ife amayi a mpingo.

Ndikufotokozereni mmene maliro amayendera, poti ena a inu mumafika mwambo utayamba kale n'kukhazikidwa pa mipando ya kutsogolo. Munthu akamwalira, amayi atatu kapena anayi timalowa m'nyumba ndi beseni ndi kansalu. Ngati anali kutsegula m'mimba, mphasa yanyowa, zofunda zanyowa, pansi ponse pali madzi aja oyera ngati otsukira mpunga. Timapukuta ndi manja osavala kanthu. Madzi osambitsira timakataya kuseri kwa nyumba, kumene nkhuku ndi ana amasewera, ndipo zofunda wina amapita nazo kudambo kukachapa, pafupi ndi pamene anthu amatunga madzi akumwa. Tikatuluka timasamba m'manja mwachisawawa, nthawi zambiri popanda sopo, ndipo m'bandakucha ena mwa ife tomwe tija tili pa mafuwa, kuomola nsima ndi kugawa ndiwo. Nthawi ya chakudya ikakwana, beseni limodzi la madzi limazungulira: ayambe abusa ndi mafumu, kenaka akulu a mpingo, kenaka abambo ena onse, mpaka madziwo achita bii, womaliza amangodetsa manja m'malo mowayeretsa. Thobwa lili mu ndowa, kapu imodzi, aliyense kumiza dzanja mpaka m'chigongono. Chimbudzi cha pakhomopo ndi chimodzi, anthu mazana; ambiri amangolowa m'munda wa chimanga. Pakatha masiku awiri kapena atatu, uthenga umabwera kuti uje wa mudzi wakuti amene anali pamaliro paja wagonekedwa, uje winanso wagonekedwa. Anthu n'kuyamba kuloza zala kuti womwalirayo akutenga anzake, kapena kuti pali wina wachita zamatsenga.

A zaumoyo mukamaletsa zimenezi simulakwa. Thupi la munthu wofa ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tambiri, ndipo liyenera kutsukidwa ndi mankhwala a kolorini, kutsekedwa m'kamwa, m'mphuno ndi kumusi ndi thonje loviikidwa m'mankhwalawo, kukulungidwa bwino ndi kuikidwa msanga. Amene wagwira thupi asagwire chakudya. Zonsezi n'zomveka, ndipo mayi aliyense wa Chigwirizano kapena wa bungwe la amayi Achikatolika atha kuziphunzira tsiku limodzi. Koma pa zonsezi palibe chimene chikuletsa pemphero. Palibe chimene chikuletsa kuti mwana aone nkhope ya mayi ake ataima chapatali thumba lisanatsekedwe, kapena kuti pamwamba pa pulasitikiyo tifunditsepo nsalu yoyera ndi chizindikiro cha bungwe lake, kapena kuti kwaya iime kumanda n'kuimba.

Ndinaonapo maliro amodzi m'mudzi woyandikana nafe, nthawi ya mliri wapitawu. Anali mayi wachikulire amene anaphikira maliro a anthu osawerengeka m'moyo wake. Galimoto inafika chakumadzulo, anyamata ovala zoyera anatsitsa thumba, anafunsa kumene kuli dzenje, anapopera mankhwala, n'kuuza adzukulu kuti akwirire. Mkulu wa mpingo anali atagwira Baibulo ndi buku la nyimbo, anapempha kuti awerenge vesi limodzi lokha, koma anauzidwa kuti nthawi palibe, galimoto ikufunika kwina. Mwina inkafunikadi, anyamatawo ankaoneka otopa ndipo sindikuwaweruza. Koma mwana wamkazi wa malemuwo anakhala pansi n'kumafunsa aliyense kuti, “Kodi mwaona ndani kuti m'menemo muli amayi?” Palibe anatha kumuyankha. Sabata yomweyo m'mudzimo munadwala mnyamata wina, ndipo abale ake anamutsekera m'nyumba, akumauza wa zaumoyo wa m'mudzi kuti wapita kumsika. Anamutulutsa maso atalowa kale m'kati.

Pempho langa kwa inu a boma likuchokera pamenepo. Gulu lililonse loika maliro a kolera likhale ndi munthu wa mpingo wa womwalirayo, wophunzitsidwa, wopatsidwa magolovesi ndi majombo ngati anzakewo. Ngati womwalira ndi mayi, pakhale mayi pomukonza. N'zochititsa manyazi kwambiri kwa ife kuti thupi la mayi ligwiridwe ndi anyamata okhaokha. Wachibale mmodzi aone nkhope. M'busa, katekisiti kapena mkulu apatsidwe mphindi zake kumanda. Ngakhale Pilato, amene sanali munthu wachifundo, Yosefe wa ku Arimateya atapempha thupi la Yesu anamupatsa kuti akaliike mwaulemu. Anthu akadziwa kuti wofera kuchipatala amaikidwabe ngati Mkhristu, ayamba kubweretsa odwala nthawi ikadalipo. Ndipo kolera munthu akafika msanga sapha kawirikawiri: pa anthu 100 olandira chithandizo choyenera, womwalira sakwana ndi mmodzi yemwe. Chimapha n'kuchedwa, chifukwa madzi amatha m'thupi m'maola ochepa chabe.

Chinanso, mabotolo a Certeza (mankhwala othira m'madzi akumwa) ndi mapaketi a SRO (ufa wosungunula m'madzi wobwezeretsa madzi m'thupi) musamangowasunga kuchipatala kudikira kuti mliri ulengezedwe. Kuchokera m'midzi yambiri ya ku Domwe, Tsangano kapena kumapiri a Furancungo, kufika pa chipatala nthawi ya dzinja ndi ulendo wa maola, pa njinga kapena pa machira, mitsinje itadzaza. A APE, ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi, alipo ndipo amagwira ntchito yotamandika, koma ndi ochepa, mmodzi amayang'anira midzi ingapo. Pamene tchalitchi kapena mphakati uli paliponse, ndipo uli ndi mlembi, msungichuma ndi amayi odziwa nyumba iliyonse imene muli wodwala, chifukwa kuyendera odwala ndi ntchito yathu ya sabata ndi sabata. Tipatseni katunduyo ndi kaundula wake, tizisainira. Munthu azinyamulidwa kupita kuchipatala akumwa SRO m'njira. Pamene paketi palibe, mayi aliyense adziwe kusakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mauthenga amenewa azibwera m'Chichewa chathu chomveka, osati chikalata cha Chipwitikizi chimene mlembi wa mpingo amachiwerenga movutikira anthu akuyasamula.

Tsopano nditembenukire kwa inu atsogoleri anga mumpingo, ndipo pano mundikhululukire, ndilankhula ngati mwana wa m'nyumba.

Matchalitchi athu ambiri ali ndi malata atsopano, zokuzira mawu, kiyibodi ndi sola, koma chimbudzi chake ndi chimodzi, chofolera ndi udzu, dzenje lodzaza, chitseko ndi chiguduli. Kwina kulibiretu. Timasonkhetsa ndalama za yunifolomu, za ulendo wa kwaya, za mphatso ya abusa, ndipo zonsezi n'zabwino, koma sindinamvepo chopereka chapadera cha chimbudzi. Chonsecho pa Deuteronomo 23 Mulungu analamula Aisraeli kuti akhale ndi malo kunja kwa msasa, aliyense ayende ndi chokumbira ndi kukwirira zonyansa zake, chifukwa Iye amayenda pakati pa msasawo. Vesi limeneli sililalikidwa, kaya n'chifukwa cha manyazi. Ndikupempha a Sinodi ndi a Dayosizi kuti tchalitchi lisatsegulidwe ndi mwambo, ndipo msonkhano waukulu usaloledwe pa malo, ngati palibe zimbudzi zokwanira za amayi ndi za abambo ndi posambira m'manja pa madzi oyenda. Kampopi kopanga ndi kachigubu, chingwe ndi mtengo woponda ndi phazi sikafuna ndalama zochokera kunja.

Onaninso kalendala yathu. Khirisimasi, mapemphero a usiku wonse olowera chaka chatsopano, maulendo a Lenti ndi Pasaka, zonsezi zimagwa m'dzinja, nthawi yomwe kolera amakonda. Anthu amagona pa tchalitchi masiku angapo, kuphika pamodzi, kutunga madzi pa chitsime chosatetezedwa cha kudambo. Sindikunena kuti misonkhanoyi ithe. Ndikunena kuti pa komiti yokonza msonkhano, pambali pa woona za chakudya ndi woona za malo ogona, pakhale woona za madzi, amene mawu ake ndi omaliza: ndowa iliyonse yathiridwa Certeza ndipo yadikira theka la ola, thobwa likutungidwa ndi chikho cha chogwirira chachitali ndi munthu mmodzi, posamba m'manja tikuthirirana ndi jagi, beseni likungolandira madzi akuda. Abusa ndi mafumu ayambe ndi iwo kukana beseni lozungulira lija. Ife amayi tikakana, amati tachita mwano. Akakana abusa, mawa lakhala lamulo.

Za Mgonero, kumene mumagwiritsa makapu aang'onoang'ono, atsukidwe ndi madzi otetezedwa, osati kungowaviika onse mu beseni limodzi kuseri kwa tchalitchi. Madzi odalitsidwa a pakhomo la tchalitchi amene aliyense amaviikamo chala, nthawi ya Covid munawachotsa ndipo chikhulupiriro cha munthu sichinachepe. Nthawi ya kolera chitaninso chimodzimodzi. Obatiza mumtsinje adikire chilimwe.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mapemphero a odwala. Pali mipingo ina pakati pathu imene imaphunzitsa kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro, ndipo pali aneneri amene amasunga wodwala usiku wonse akumuimbira, kumusanjika manja ndi kumumwetsa madzi opemphereredwa otungidwa pa chitsime chomwecho chimene chamudwalitsa. Ngakhale m'mipingo yathu yakale, mayi akayamba kutsegula m'mimba madzulo, kawirikawiri amayamba kuitanidwa ndi akulu a mpingo, njinga n'kufunidwa m'mawa. Kolera sadikira kuti kuche. Ine ndimakhulupirira pemphero, ndaona Mulungu akuchiritsa, ndipo sindidzaleka kupempherera odwala. Koma Msamariya uja sanagwade pamsewu n'kupemphera mpaka m'mawa; anatsuka mabala, anakweza munthuyo pa bulu, anapita naye kumene akanasamalidwa, n'kulipira. Lalikirani momveka kuti mkulu wa mpingo woitanidwa kwa wotsegula m'mimba ayambe wafunsa za njinga ndi SRO, pemphero lichitikire m'njira. Ndipo inu a mipingo ikuluikulu musawanyoze a Ziyoni ndi a Apositoli muli patali. Aitaneni pa bwalo limodzi. Mtsogoleri wawo akauzidwa ndi wapolisi amaumitsa mtima, koma akakhala pansi ndi m'busa mnzake amene amakumana naye pamaliro, pena amamva.

Mphekesera nazo zimafuna guwa. M'zigawo zina za dziko lino ogwira ntchito zaumoyo ndi mafumu akhala akumenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, powanamizira kuti mankhwala amene amathira m'zitsime ndiwo akubweretsa kolera. Mu Epulo 2024 anthu oposa 90 anamira ku Nampula, bwato limene anadzazana pochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique litagubuduzika, ndipo akuluakulu a boma ananena kuti ambiri ankathawa chifukwa cha mphekesera za kolera. Tisaganize kuti kuno sizingachitike. Mauthenga a pa WhatsApp amafika m'mudzi msanga kuposa galimoto ya chipatala. Katemera wa kolera, amene ndi wakumwa, akafika m'dera lathu, abusa ndi ansembe amwe poyamba pamaso pa mpingo Lamulungu, osati kungowerenga chilengezo pakati pa zolengeza za kwaya ndi za masika. Anenenso zoona zake: mu 2022 katemerayu anayamba kuperekedwa kamodzi kokha m'malo mwa kawiri chifukwa anali wochepa padziko lonse, chitetezo chake sichikhalitsa mpaka kalekale, ndipo salowa m'malo mwa chimbudzi ndi madzi abwino. Anthu akauzidwa zoona zonse amakhulupirira msanga kusiyana ndi akamanyengereredwa ngati ana.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuvomera kuti chisinthe kumbali yathu, ngakhale n'chowawa: nsima ya pamaliro a kolera. Maliro n'kulirana, ndipo kubweza munthu wochokera kutali osadya kanthu n'chinthu chimene mayi aliyense wa kuno amachiona ngati tchimo. Koma banja lokhalo silingathe kunena kuti pano sitiphika. Anthu adzati ndi ouma manja, sanamulire mayi wawo. Mawu amenewo achokere ku mpingo ndi kwa mfumu pamodzi, alengezedwe mliri usanafike, kuti pa maliro a matenda otsegula m'mimba palibe kugona pa siwa ndi thupi m'nyumba, palibe kuphikira gulu. Ufa, nkhuni ndi ndalama za chipepeso ziperekedwe kwa ofedwa monga mwa masiku onse. Ndiye mliri ukazilala, mpingo ukonze tsiku la chikumbutso, kwaya iimbe, mbiri ya malemu iwerengedwe, abale a ku Malawi abwere, tiphike tidye. Ofedwa akadziwa kuti tsikulo lilipo ndipo lalembedwa m'buku la mpingo, adzapirira maliro achangu.

Zonsezi sizingakambidwe tenti ya kolera itazikidwa kale, anthu ali ndi mantha ndi mkwiyo. Nthawi yake ndi Seputembala ndi Okutobala, misewu ikadali youma, anthu asanatanganidwe ndi kubzala. Ndikupempha kuti m'boma lililonse mkulu wa zaumoyo aitanitse msonkhano ndi mipingo yonse, Asilamu ndi mafumu, ndipo pa msonkhanowo musangoitana ovala makolala ndi majekete. Muitane amayi osambitsa maliro ndi akulu a adzukulu, chifukwa zimene mudzagwirizane adzazichite ndi iwowo. Ku Ulongwe kuli sukulu ya abusa ya Hefsiba. Ophunzira ake asatuluke osadziwa kayendetsedwe ka maliro a mliri, ndipo chimodzimodzi akatekisiti pa maphunziro awo.

Ife amayi a Chigwirizano cha kwathu tagwirizana kale kuti osambitsa thupi sadzafikanso kumoto, ndipo tagula majagi awiri ndi sopo kuchokera m'thumba lathu. Magolovesi, majombo ndi kolorini wotsukira thupi sitingazipeze patokha, ndipo kasakanizidwe kake tikufuna wina wodziwa adzatiphunzitse. Timakumana Lachinayi lililonse masana. Amene mungamutume adzatipeza pa tchalitchi.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mayi wa Chigwirizano,
Angonia, Tete